Kalavani ya pa Njerwa

Panali munthu wina, dzina lake Matewere, amene ankakonza mijigo. Mjigo ukafa kumudzi wakutali, woitanidwa anali iyeyo. Poti ntchito yake inali yogonera konko, anali ndi kalavani, kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto. M'katimo munali bedi, kabati ndi kazenera kamodzi. Mkazi wake Nangondo ankayenda naye, ndipo awiriwa anakalambira m'misewu ya fumbi, kalavani ili pambuyo pa pikapu yawo.

Pamene Matewere ankapuma ntchito, kalavani nayo inali itatopa. Denga linkadontha pakona. Chitseko ankachita kuchimanga ndi waya. Ikamayenda inkalira ngati ngolo yosowa girisi. Koma mumve bwino apa: kuyenda inkayenda ndithu.

Tsono Nangondo anali ndi mkulu wake kuchigwa, kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho. Mwa onse obadwa m'mimba mwa mayi awo anatsala awiri okhawo, ndipo maso a mkuluyo anali atayamba kuchita chifunga. Mawu ankamvana pa foni. Chimene mkuluyo ankafuna chinali nkhope ya mng'ono wake, aione kuwala kusanathe. Mtsinje uja galimoto inkawoloka pamchenga m'chilimwe mokha. Nangondo naye msana unkamuvuta, moti basi ya tsiku lonse sakanaitha. Ankafunika ulendo wapang'onopang'ono, wokhala ndi pogona.

"Bambo a Filesi, mundiperekeze kwa achemwali maso awo asanatsekeke," anatero Nangondo.

"Tipita chilimwe chomwe chino," anayankha Matewere. "Ndingoona kaye za kalavaniyi, kaya tiikonze kaya tipeze ina."

Anapita nayo kwa wowotcherera zitsulo wa pamsika. Uyo anakwawira kunsi, nagogoda uku ndi uku. "Chitsulo ichi n'chakale, bambo, sichifa. Zamasiku ano ndi zitini chabe. Ikonzeni." Matewere anabwerera mtima uli m'malo. Anagula matabwa atsopano n'kuwaimika kuseri kwa nyumba.

Kenaka kunabwera mkamwini wake. Anaizungulira kalavani ija manja ali kumbuyo. "Bambo, mukakonza denga, mawa chithyoka china. Anthu okonza msewu aja akugulitsa kalavani yawo, yatsopanoko. Kaioneni." Matewere anakaiona. Inali yonyezimira, ya mazenera awiri. Koma bedi lake linali lopapatiza, ndipo m'kati munkanunkha anthu ena. Anabwerera mutu utaima.

M'mawa ankadzuka ali wokonza. Pofika masana anali wogula. Tsiku lina anatenga penti n'kupaka mbali imodzi. Ali pakati anaganiza kuti, ngati ndigulitsa, ndikupakira yani? Anasiya. Kutacha anaganiza kuti yosapenta palibe angaigule, natenganso bulashi. Asanaiviike anakumbukira kuti mwina sagulitsa, ndiye kuthamangira penti bwanji denga likudontha? Kalavani inatsala mbali ina yobiriwira, mbali ina ya dzimbiri. Munthu wa nzeru zake, wodziwa kuvuula mapaipi pansi pa nthaka, anasokonezeka ndi kanyumba ka matayala awiri.

Anafunsa m'busa, anafunsa wometa, anafunsa ngakhale wogulitsa makala amene ankangodutsa pa njinga. Aliyense ankanena zomveka, ndipo vuto linali lomwelo. Pomaliza anafunsa mkazi wake.

"Anangondo, inu mukuti bwanji? Tikonze kapena tigule?"

"Ine ndikuti achemwali akudikira."

Matewere anagwedeza mutu, koma sanaone kuti limenelo ndi yankho.

Tsono aliyense amene wakhala ndi galimoto amadziwa kuti matayala akangoima malo amodzi padzuwa amang'aluka. Matewere anati, pamene ndikuganizapa, ndisaononge matayala. Anatenga jeke, nakweza kalavani pansi pa mtengo wa mango, nachotsa matayala n'kukawasunga m'nyumba. Kalavani anaikhazika pa milu ya njerwa. Tsiku limenelo anadya bwino, poti anamva ngati wachitapo kanthu.

Zaka zonse zija kalavani sinkakhalitsa malo amodzi. Chiswe chisanaipeze, inali itachoka kale. Lero mwini wake anaiimika pamthunzi, pa dothi lachinyezi, n'kuchimangira chiswecho makwerero.

Nangondo ndiye anaona, akusesa. Timizere ta dothi lofiira tinali titakwera njerwa mpaka kulowa m'matabwa a pansi pa kalavani.

"Bambo a Filesi, chiswe chakwera."

Matewere anakanda timizereto ndi nsapato. "Ndaona. Ngati tikonza, matabwa alipo kale kuseriko. Ngati tigula ina, ndiye zilibe kanthu. Ndikuganizabe."

Mango anapsa. Kunatentha, mitambo n'kuyamba kuunjikana madzulo. Ndipo mwana wa mkulu uja anaimba foni. "Amayi aang'ono, ngati mukubwera bwerani. Amayi panopa akungoona zithunzithunzi."

M'mawa mwake Matewere anadzuka ndi mantha. Anati basi, ipite momwe ililimu, idonthe isadonthe. Anabwezera matayala, nachotsa njerwa, namasula waya wa pachitseko. Atangoponda m'kati, mwendo unalowa mpaka m'bondo. Thabwa linali chikopa chabe, m'kati muli dothi. Kabati anaigwira n'kutsala nayo m'manja. Anathamangira kuseri kwa nyumba kuti atenge matabwa atsopano aja. Nawonso anali ataimikidwa pa dothi chilimwe chonse, ndipo atawanyamula anafumbutuka. Anaimbira anthu a msewu aja. Anamuuza kuti kalavani yawo inagulidwa kalekale.

Anakhala pa njerwa zija, mwendo ukutuluka magazi, osadziwa koyambira. Nangondo anafika ndi madzi ofunda n'kumutsuka bala.

"Ndiye mwasankha chiti, bambo a Filesi?"

"Sindinasankhe."

"Ayi, kwasankhidwa kale," anatero Nangondo, osakweza mawu.

Matewere anaimirira. Anasolola matiresi m'kalavani muja, nawakuntha, nawayala kumbuyo kwa pikapu. Anadula nsungwi, nazipinda, nakungapo lona pamwamba. Dzuwa lisanafike pamutu, pogona panali patatheka. Anayang'ana ntchito ya manja akeyo ndipo mtima unamupweteka, chifukwa nsungwi zija, lona uja ndi matiresi aja zinali pakhomo pomwepo chiyambire chilimwe.

Anayenda pang'onopang'ono, Nangondo atagona kumbuyo. Akutsika kuchigwa anaona kumapiri kwada bii. Pofika pamtsinje, mchenga uja kunalibe. Madzi ofiira anali atadzaza gombe ndi gombe, akukokolola nthochi ndi zitsa. Ngakhale eni mabwato anali atakokera mabwato awo kumtunda.

Nangondo anaimbira foni mkulu wake. Patapita nthawi, kutsidya kunafika njinga itanyamula mayi wokalamba. Mwana wake anamutsitsa n'kumugwira mkono. Nangondo anaima movutikira, atatsamira mwamuna wake. Anavula duku lake lofiira nayamba kulikupiza m'mwamba, foni ili kukhutu.

"Achemwali, ndafika. Ndili pano, tsidya lino."

Mayi uja anatembenuza nkhope uku ndi uku. Kenaka anakweza dzanja, nalozetsa kumunsi kwa mtsinje, kumene kunali bango lokhalokha likugwedezeka ndi mphepo.

"Ndakuona, mng'ono wanga," mawu anamveka pa foni. "Ndakuona bwinobwino. Wavala zoyera."

Nangondo anayang'ana duku lake lofiira. Misozi inatsika.

"Eya, achemwali. Ndine amene."

Matewere anamva zonsezo, poti anali atamugwira. Manyazi ndi chisoni zinamukwana. Pamene madzi ankadzaphwa, miyezi itapita, anawolokadi. Mkulu uja anachita kupapasa nkhope ya mng'ono wake ndi zala.

Tsono inu amene mwandimvera. Matewere akanakonza, sakanalakwa. Akanagula ina, sakanalakwanso. Iye ankaopa kwambiri kusankha molakwa, mpaka anaiwala chimene ankafunira kalavaniyo. Ankayesa kuti pamene iye akuganiza, zonse zaima naye. Chiswe sichinaime, mvula sinaime, maso aja sanaime.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi nkhani imene munaikhazika pa njerwa. Mwafunsa anthu okwanira. Mukafika kunyumba, musayambe n'kufunsa ngati mukonze kapena mugule. Yambani mwafunsa kuti amene akukudikirani kutsidya ndani, ndipo maso ake atsala ndi kuwala kochuluka bwanji.