Khobidi la Njovu Ziwiri

Panali munthu wina mumzinda wa Blantyre, dzina lake Yotamu, amene ankagwira ntchito pamalo osindikizira mabuku ndi makalendala. Sanali wolemera, komanso sankagona ndi njala. Nthenda yake inali imodzi, kufuna kudziwa. Akaona chinthu chachilendo mtima sunkakhala pansi mpaka atamva kumene chinachokera. Anzake ankamuseka kuti Yotamu angathe kuimitsa mwala panjira n'kuufunsa kwawo.

Tsiku lina akusindikiza kalendala ya zithunzi zakale, anaona chithunzi cha khobidi la nthawi ya atsamunda. Linali lofiirira, loboola pakati, ndipo m'mbali mwa bowolo munali njovu ziwiri zitaimirira ndi miyendo yakumbuyo. Yotamu analiyang'ana nthawi yaitali. Ndalama anaibooleranji? Njovu anaziimiritsiranji ngati anthu? Nanga makobidi onsewo anapita kuti, poti anali m'thumba la aliyense?

Anafunsa foni yake, ndipo foniyo inamulowetsa mumsika umene sankaudziwa. Kunja kuno, abale anga, kuli anthu amene amagula ndalama ndi ndalama. Amagulitsana makobidi akale paintaneti mwa okushoni, ngati fodya, koma popanda woitanira mtengo ndiponso popanda kuonana nkhope. Wogulitsa amaika chithunzi ndi mtengo woyambira. Ofuna kugula amawonjezera, wina pamwamba pa mnzake. Nthawi yoikika ikatha, amene watchula mtengo waukulu ndiye mwini, ndipo khobidilo limabwera papositi.

Tisaunamizire msikawo, unamuphunzitsa zambiri. Anadziwa kuti makobidi awiri ofanana angasiyane mtengo chifukwa cha chaka chimene anasulidwa. Anadziwa kuti losaperepeseka limaposa loyendayenda, ndi kuti ukalikwecha kuti liwale walipha. Khobidi loyamba limene anagula linafika lili lenileni. Analisunga pang'ono, n'kuligulitsa kwa munthu wina wokonda zakale, napezapo kaphindu kogulira nsapato. Lachiwiri linali lokongola pachithunzi, koma litafika analiyandikiza ku maginito, n'kumamatira. Linali chitsulo wamba chopakidwa utoto, pakuti lenileni ndi la mkuwa, silimamatira ku maginito. Yotamu anangoseka, nati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Ndalama imene anataya inali yochepa, ndipo anaphunzira kuyamba wawerenga zimene ogula ena anena za wogulitsayo. Kuyambira pamenepo anadziyesa katswiri.

Tsono Yotamu anali ndi mayi ake kumudzi ku Ntcheu, aNangondo, okalamba koma olimba pakamwa. Ankakhala okha m'nyumba imene malemu amuna awo, amene anali kalipentala, anamanga ndi kufolera ndi manja awo Yotamu asanabadwe. Malata a nyumbayo anali atatopa. Dzinja lapitalo denga linadontha, ndipo mwa malo onse linasankha kudonthera pabedi pawo penipeni. Yotamu, poti anali mzime ndiponso yekhayo wapantchito, analonjeza kuti mvula isanagwe abweretsa malata atsopano. Sananame. Mwezi ndi mwezi ankapatula kangachepe, mpaka ndalama ya malata inakwana. Chinatsala n'kukagula basi.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pamsika paja panatuluka khobidi la njovu ziwiri. Silinali ngati ena amene anawaonapo. Ili linali lisanadutse m'manja mwa wogula mchere aliyense. Makwinya a pachitamba ankaoneka onse. Wogulitsayo anali wa kutsidya kwa nyanja, ndipo anthu ankamunenera zabwino. Mtengo woyambira unali wochepa, woti munthu sangaudandaule.

Yotamu anaikapo mtengo wake. Posakhalitsa foni inalira kuti wina wamupitirira. Dzina la munthuyo silinkaoneka, zinkangooneka zilembo ziwiri ndi timadontho. Yotamu anawonjezera. Winayo anawonjezeranso.

Apa mpamene nthenda ija inasintha njira. Yotamu analeka kufunsa za khobidi, nayamba kufunsa za munthuyo. Ndani ameneyu? Kodi ndi mdzukulu wa mtsamunda amene akufuna fungo la agogo ake? Kapena ndi Mmalawi mnzake wokhala kunja, wosowa kwawo? Mwina akudziwa chinsinsi cha khobidili chimene iye sakuchidziwa? Zoti angakhale mnzake wa wogulitsa, wongokankha mtengo kuti ukwere, zinamubwereranso m'mutu, koma anazithamangitsa msanga chifukwa sizinkakoma.

"Tione ngati abwezenso," ankatero nthawi iliyonse.

Kuonako kunali ndi mtengo wake. Ndalama ya m'thumba itatha, anatapako pang'ono ku ya malata, akuti adzabwezera mwezi ukatha. Kenako anatapanso. Masana a tsiku lomaliza la okushoniyo, anzake akudya chipisi panja, iye anali kuseri kwa makina, chala chili pafoni, thukuta lili kamukamu. Nthawi inatha, foni n'kumuuza kuti wapambana. Anasangalala zedi, sitingabise. Koma chimwemwecho sichinafike madzulo, pakuti panabweranso mtengo wotumizira, ndipo phukusi litafika panali msonkho. Pamene ankalitulutsa m'phukusimo, lili m'kachikwama kake kapulasitiki, ndalama ya malata inali itapita yonse.

Khobidilo linali lenileni. Maginito analikana. Linali lokongola kuposa pachithunzi. Yotamu anadzilimbitsa mtima kuti aligulitsa msanga, agule malata, phindu likhale lake. Analibwezera pamsika womwewo n'kudikira. Amene anabwera anatchula mitengo yosafika ndi theka lomwe. Mpamene anazindikira kuti padziko lonse panali anthu awiri okha olifuna pamtengo uja, ndipo winayo anali atazimirira ngati utsi. Mpaka lero palibe akudziwa kuti anali ndani.

Mvula siidikira kuti munthu akonze nkhani zake. Yoyamba itagwa, mayi ake anaimba foni.

"Iwe Yotamu, ndikugona ndi beseni pamimba ngati ndikudikira kusamba. Malata aja akubwera wapansi?"

Yotamu anachita manyazi kwambiri. Loweruka anakwera basi, m'manja mulibe kanthu, khobidi lili m'thumba la malaya. Anafika mitambo itayamba kale kusonkhana kumapiri. Atalonjerana, aNangondo anasuzumira kumsewu kuona ngati kukubwera ngolo ya malata. Kunalibe. Yotamu sanafune kuwonjezera bodza pamwamba pa cholakwa. Anatulutsa khobidi lija lili m'kachikwama kake, nawapatsa m'manja.

Mayiwo analiyandikiza kumaso, nkhope n'kuwala. "Khobidi lija ili! Tinkagulira machesi. Walitola kuti?"

"Ndagula, amayi."

"Wagula ndalama? Wagula ndi chiyani?"

"Ndi ndalama ya malata."

ANangondo anamuyang'ana, nayang'ananso khobidi. Sanakalipe, ndipo kusakalipako kunamuwawa Yotamu kuposa ndodo. Anangomubwezera, nati, "Chabwino. Ndiye ulifunse ngati limadziwa kuletsa mvula."

Yotamu anabwereka makwerero, natenga hamala yakale ya bambo ake, nakwera padenga kuti aone ngati angamateko penapake. Chibadwire anali asanakwerepo. Ali mwana bambo ake ankamuletsa, ndipo atakula anali wa m'tauni. Anakwawa mosamala potsata mzere wa misomali, pamene pali mitengo pansi. Dzanja lake linakhudza kanthu kozungulira pansi pa mutu wa msomali. Anapala ndi chikhadabo. Pansi pa fumbi ndi ndere panatuluka chitamba.

Anapala msomali wotsatira. Njovu ziwiri. Wotsatiranso, njovu ziwiri. Anaimirira pang'ono n'kuyang'ana denga lonse, mizere ndi mizere, kuchokera pamwamba mpaka m'mphepete. Msomali uliwonse umene anauona unali utadutsa pabowo la khobidi, ndipo pansi pa khobidi lililonse panali kachidutswa ka chubu cha njinga.

"Amayi!" anaitana. "Makobidi ali kunowa afika bwanji?"

ANangondo anatuluka, dzanja lili pachipumi. "Amenewo? Ndalama zitasintha, bambo ako anachedwa kukasinthitsa. Anatsala ndi chitini chodzaza, mudzi wonse n'kumawaseka. Iwo anati ndalama ikafa pamsika siinafe padenga. Anakhomera malata kuti misomali isamalowetse madzi."

Yotamu anakhala pansi padengapo. Chinthu chimene anachisaka kutsidya kwa nyanja, n'kulimbirana ndi munthu wopanda nkhope, chinali pamwamba pa mutu wake chibadwire. Anabadwira pansi pake, anadwalira chikuku pansi pake, anawerengera mayeso pansi pake. Iye amene ankafunsa chilichonse anali asanafunsepo chimene chinagwira denga la kwawo.

Kenako kunabwera ganizo lina, ndipo linabwera mwaulemu ngati mlendo wabwino. Makobidi onsewa! Inde anali akuda, ena opindika ndi hamala, ndipo iye ankadziwa bwino kuti otere sapita patali pamsika. Komabe ambiri chotere, ndi nkhani yawo yokoma, akanabweza kenakake. Hamala inali m'manja, ndipo mbali yake yozulira misomali inali yakuthwa bwino. Akanazula lero, n'kugulitsa, malata n'kubwera mwezi wamawa. Koma mvula inali ya lero lomwelo, ndipo pansi pa dengalo pankagona munthu.

Anakwawa mpaka pamwamba pa chipinda cha mayi ake, napeza podonthera paja. Panali msomali umodzi wopanda khobidi. Kaya linasweka, kaya mphepo inalitaya chaka china, palibe akudziwa. Dzimbiri linali litadya lata mozungulira msomaliwo, bowo n'kukula moti chala chinkalowa. Pankafunika chinthu chachitsulo, chozungulira, chotambalala, choboola pakati. Kugolosale ya m'mudzimo kunalibe chotere, ndipo kumapiri kunali kutayamba kugunda.

Yotamu anapisa dzanja m'thumba. Anatsegula kachikwama kapulasitiki kaja. Kwa nthawi yoyamba anagwira khobidilo ndi zala zake zenizeni, pakuti ankaopa ngakhale kulipumira. Analiyang'ana bwinobwino, makwinya a pachitamba, nduwira yachifumu pamwamba, chaka chake. Anadziwa kuti hamala ikangolikhudza kamodzi, ngakhale theka lija silidzabweranso. Anadula kachidutswa ka chubu chakale, nayala pabowo. Anaika khobidi pamwamba, nalowetsa msomali pakati pa njovu ziwiri zija, nakhoma.

Mvula inagwa madzulo amenewo, yamphamvu. M'khitchini munadontha, pakhonde panadontha, pakuti khobidi limodzi silichiritsa denga lonse, ndipo malata anadzabwera mochedwa, Yotamu atadzimana miyezi ingapo. Koma pabedi pa aNangondo sipanagwe dontho. M'mawa mayiwo anatulutsa beseni lija louma, naliika pakhonde, nati, "Kani limadziwadi kuletsa mvula."

Tsono inu amene mwakhala apa mafoni ali m'manja, musamve ngati ndikuti kufuna kudziwa n'koipa. Ayi, safunsa anadya phula. Pitani kumisika yanu ya paintaneti, phunzirani, gulani ngati muli nayo yoti ikatayika simulira. Koma ndalama imene ili kale ndi mwini, ya denga, ya fizi, ya mankhwala, musapite nayo kumene mtengo umakwera chifukwa cha munthu amene simukumuona. Ndipo musanafunse zakutali kuti zikugulitsidwa bwanji, yambani mwakwera padenga la kwanu. Muone chimene chakhala chikukutchingirani mvula zaka zonsezi, mufunse amene anachikhoma, ndiponso muone pamene pakusowa khobidi lanu.