Botolo la Abiti Ndala

Alhaji Mkwepu anafika kwa Shehe Twaibu ku Ntaja itangotha swala, pemphero lathu la masana, mkanjo uli mbuu, mafuta onunkhira ali guu. Ine ndinali pomwepo, poti ndimaphunzitsa pamadrasa a Shehewo. Bambowa timawadziwa tonse: ukawaitana osayamba ndi "Alhaji", sacheuka.

Atapereka salamu anati: "Shehe, mundilangizire mayi a kunyumba, Abiti Ndala. Chaka chino ndikupita nawo ku Hajji, koma botolo la madzi silichoka m'manja mwawo. Akuti anatero adokotala chifukwa cha shuga. Munthu womwa chotero angasunge wudhu, ukhondo uja wofunika poswali? Azingokhalira pamzere wa kuchimbudzi n'kumasambanso, anzawo akuswali!"

"Inu mutapita ku Hajji munkatani, Alhaji?" anafunsa Shehe mofatsa.

"Ine? Wudhu wa m'mawa ndinkafika nawo usiku. Madzi osalawa n'dontho lomwe, dzuwa la ku Makka likuswa mtengo. Mpaka ndinagwa ku Mina, kufupi ndi Makka, impso zitaima, n'kukandigoneka m'chipatala pa makina osefa magazi. Ndani kuno anavutikirapo Allah chotero?"

Amvekere choncho akudziguguda pachifuwa. Ine mtima unandiwira, chifukwa Abiti Ndala ndi mayi omvera. Shehe akanangoti asamwe, akanasiyadi, ndipo ndi shuga wawo uja sakanabwerako.

"Allah akulipireni pa ululu umenewo," anatero Shehe. "Koma ndiphunzitseni, ine sindinafikeko. Muli m'chipatalamo, miyala yogendera Satana ku Mina anaponya ndani?"

"Anandiponyera mnzanga."

"Nanga swala?"

Alhaji anayang'ana pansi. "Ndinali chikomokere."

"Ndiye kuti wudhu munausunga, swala n'kukudutsani. Nanga pakati pa mapiri a Safa ndi Marwa munayendapo?"

"Ndi miyendo yanga yomweyi!" Mawu anakweranso.

"Paja pamenepo timakumbukira chiyani?"

"Mayi Hajara, akuthamanga kufunira khanda lawo madzi."

Shehe anagwedeza mutu. "Ndipo Allah anawayankha ndi chitsime cha Zamzam, chomwe alendo ake akumwa mpaka lero. Tsono akazi anu akafike pakhomo pa Mwini madziwo n'kuwakana? Wudhu ukaonongeka, madzi a m'kapu amaubweza, koma impso sizibwera ndi kapu. Agulireni botolo lalikulu, Alhaji, ndipo wonyamula wake mukhale inuyo."