Khadi la Anthu Awiri, Amalume Atatu

Kalekale, koma osati kale loti anthu n'kuiwala, kumapiri a Tsangano kunali mayi wina dzina lake Nagama. Nkhaniyi anaifotokoza yekha pa msonkhano wa amayi a Mvano, ndipo ikubwerezedwa pano monga momwe inatulukira pakamwa pake.

Mwamuna wake anali dalaivala wa lole pa kampani ina ya matabwa. Atadwala n'kuona kuti sadzukanso, anamuuza kuti, "Ndalama imene akupatseni kuntchito si ya ndiwo ayi. Ndi ya Felesiya. Mwanayu akaphunzire unamwino." Felesiya anali mwana wawo woyamba, ndipo anali atangoyamba kumene Fomu 1.

Maliro atatha, ndalama ija inabweradi. Koma Nagama anaona kuti m'nyumba singakhalitse. Lero wina akubwera kudzabwereka ya feteleza, mawa wina ya chinkhoswe, kwinaku mtengo wa shuga ukukwera mwezi ndi mwezi. Atapemphera, pofuna malangizo anaitana alongo ake atatu: Yotamu, wamkulu, mphunzitsi wa masamu, Filimoni, wa golosale pa Lizulu, ndi Lameki, chitsirizira, mlimi wa mbatata ya kachewere.

Yotamu anapempha tchuthi kusukulu, n'kukwera basi ya ku Lilongwe pa ndalama yake. Analowa banki iyi, natuluka, nalowa ina, akufunsa mpaka nsapato zinamutupitsa mapazi. Atabwerera anati, "Achemwali, njira zilipo ziwiri. Mukhoza kutsekera ndalamayi ku banki kwa chaka, chimene amachitcha fikisidi. Pa handiredi kwacha iliyonse akuonjezerani khumi, ndipo chaka chikatha akhoza kukweza kapena kutsitsa. Njira ina ndi kubwereketsa boma, pogula chimene amati bondi. Kumeneko pa handiredi akukupatsani khumi ndi zisanu ndi zitatu chaka chilichonse, osasintha, koma ndalamayo ikhala kwa iwo zaka zisanu."

"Boma nalonso limabwereka kwa mayi wamasiye?" anafunsa Nagama.

"Limabwereka. Ndipo ubwino wake silithawira ku Joni ngati mlamu wanu anapita ndi ngongole za anthu uja. Zaka zisanu zikamakwana, Felesiya adzakhala akufuna fizi ya ku koleji. Ikani yonse ku boma."

Filimoni anapukusa mutu. "Achimwene, masamu anuwo ndi olondola, koma matenda sanapite ku kalasi kwanu. Bondiyo mukaifuna msanga muyenera kupeza woigula, ndipo wogula akaona kuti mwapanikizika amadula mtengo. Fikisidi mukaithyola mumangotaya chiwongoladzanja, ndalama yanu n'kutuluka. Siyani ina kumene dzanja lingafike."

"Iwe wa golosale umaopa ndi chithunzithunzi chako chomwe," anatero Yotamu.

"Eya, n'chifukwa chake golosaleyo ikadalipo."

Anakangana mpaka tiyi anazizira m'makapu. Nagama atafunsa Lameki maganizo ake, iye anangoti, "Ine za maperesentizi zimandipweteketsa mutu. Mukadzafuna kachewere mudzandiuze."

Pamapeto pake Nagama anagawa ndalama ija patatu. Magawo awiri anagula bondi, gawo limodzi anatsekera ku fikisidi. Yotamu anadandaula ndithu, akuwerengera chiwongoladzanja chimene chitayike chifukwa cha mantha a mng'ono wake. Komabe ndi iye amene anayenda ndi mapepala onse, ndipo boma likatumiza chiwongoladzanja kawiri pa chaka, ankalipira nacho fizi ya ku sekondale, chotsala n'kuchisunganso kuti chiberekane.

M'chaka chachiwiri Felesiya anadwala m'mimba ali kusukulu. Anathamangira naye ku chipatala cholipira chimene chinali pafupi, ndipo adokotala anati afunika opaleshoni mwachangu, china chake chatupa m'kati ndipo chatsala pang'ono kuphulika. Nagama anafika alibe ndi ya sopo yomwe. Filimoni anatseka golosale masana dzuwa likuswa mtengo, anapereka kuchipatala ndalama zimene zinali m'kabati ngati chikole, natenga mlongo wake kupita ku banki kukathyola fikisidi. Chiwongoladzanja cha chaka chimenecho chinapita, koma ndalama inatuluka, nilipira opaleshoni, mankhwala ndi masabata onse amene mwanayo anagona m'chipatala. Felesiya anadzuka. Yotamu atabwera kudzazonda, Filimoni sananene zambiri. Anangomupatsa mpando nati, "Khalani apa aphunzitsi, pa mpando wa anthu amantha."

M'chaka chachinayi mvula inadula chimanga chisanamasule. Nkhokwe ya Nagama inaoneka pansi mwezi wa Okutobala usanathe, ndipo m'nyumbamo munali ana ena awiri ndi apongozi ake okalamba. Fikisidi inali itatha, chiwongoladzanja cha bondi chinali chitapita ku fizi ndi mayeso a Fomu 4. Nagama anauza Yotamu kuti afune wogula bondi. Wogula anapezeka, koma mtengo wake unali woti fizi ya ku koleji sikanakwananso. Yotamu anachonderera kuti adikire chaka chimodzi chokha. Nagama anayankha kuti, "Achimwene, anawa sangadye chaka chimodzi chokhacho." Yotamu sakanatha kuthandiza, pakuti naye malipiro ake anali ndi pakamwa pambiri, ndipo golosale ya Filimoni inali itadzaza ngongole za anthu anjala.

M'mawa wa tsiku limene anati akasaine, Nagama anamva ngolo ikulira kuseri kwa nyumba. Anali Lameki, atanyamula matumba a chimanga ndi kachewere wa kudimba.

"Paja ndinati mudzandiuze," anatero akutsitsa thumba. "Bwanji simunandiuze? Pepala la bomalo lisiyeni ligone. Ine sindilimvetsa, koma ndikudziwa kuti kachewere sakumba asanakhwime."

Anawadyetsa mpaka kukolola. Nagama anadzamva mochedwa, kwa anthu ena, kuti pofuna kulipira chimanga chimenecho, Lameki atabwerera anagulitsa ng'ombe imodzi mwa ziwiri zokoka ngolo, ndipo kwawo ankadya kamodzi pa tsiku. Ngolo ija inakhala pansi pa mtengo zaka ziwiri, nkhuku zikuikiramo mazira.

Zaka zisanu zitakwana, boma linabweza ndalama yonse. Pamodzi ndi zimene Yotamu ankasunga zija, inakwana fizi ya unamwino kuyambira chaka choyamba mpaka chomaliza. Pofika apa pofotokoza, Nagama anaima kaye, napempha amayi a Mvano kuti aimbe naye vesi imodzi ya nyimbo yoyamika, kenaka anapitiriza.

Felesiya atamaliza maphunziro anabwera kumudzi ndi khadi la mwambo wolandira satifiketi. Holo ya ku koleji inali yaing'ono, choncho wophunzira aliyense ankaloledwa kulowetsa anthu awiri okha. Ena onse akadikire kunja kwa mpanda.

"Mpando umodzi ndi wanu, amayi," anatero Felesiya. "Winawo ndi pamene akanakhala ababa. Musankhe ndinu. Ine amalume anga sindingawayang'ane kumaso."

Nagama anati apereke mpando wake kuti alowe awiri. Felesiya anakana kwamtuwagalu, ndipo ngakhale akanavomera, mmodzi akanatsalabe panja. Anayesa kufunsa anzake a Felesiya ngati wina ali ndi malo otsala, koma aliyense anali ndi vuto lomwelo. Choncho anaitananso alongo ake, pakhonde lomwe lija anakanganirana za chiwongoladzanja.

Yotamu anati, "Alowe Filimoni. Pakanapanda mantha akewo, bwenzi lero tikukamba zomanga chiliza." Koma Nagama anali atamva kale kwa mlamu wake, mkazi wa Yotamu, kuti suti ya aphunzitsi inapita kochapitsa sabata yatha.

Filimoni anati, "Ine ndinangotsegula chitseko chimene chinali chotseguka kale. Amene anagulitsa ng'ombe ali apa." Ananena akuyang'ana kumbali, pakuti ndi iye amene anagona pa benchi ya chipatala mwanayo ali m'chipinda cha opaleshoni.

Lameki anaseka. "Ine m'holo ya anthu ophunzira ndikatani? Adzayankhula Chingerezi, ine n'kuwomba m'manja pa malo olakwika. Alowe achimwene aakulu. Pakanapanda bondi yawoyo, ng'ombe yanga ikanapulumutsa chiyani?" Atatero anatenga khadi lija, nalitembenuza, napempha Felesiya kuti amusonyeze pamene palembedwa dzina la mwanayo. Analiyang'ana nthawi yaitali asanalibweze.

Pouza amayi a Mvano, Nagama anati iye sanasowepo tulo chifukwa chosowa womuthandiza monga anasowera chifukwa cha kuchuluka kwa oyenera kuwathokoza. Akaganiza za Yotamu, ankaona kuti pakanapanda ulendo wake wofunsa ndi kuyerekeza, ndalama ija ikanaonda ku fikisidi kapena kutha m'manja mwa obwereka, ndipo mwana akanakhala ndi moyo koma wopanda sukulu. Akaganiza za Filimoni, ankaona kuti ndalama ikanaberekana bwino ku boma, mwini wake ali m'manda. Akaganiza za Lameki, ankaona kuti nzeru za akulu ake awiriwo zikanathera m'manja mwa wogula uja chaka cha njala.

Amayi a Mvano atamufunsa kuti nanga anasankha yani, Nagama anamwetulira nati sanena, chifukwa aliyense amene wamva dzinalo amasiya kuganiza n'kuyamba kumuweruza iye. Anati Mulungu anamutumizira manja atatu, koleji n'kumupatsa mpando umodzi.

Tsono inu amene mwamva, khadi lija likanakhala m'manja mwanu, pa mpando wa bambo ake a Felesiya mukanakhazikapo yani: amene anakulitsa ndalama, amene anasiya khomo loti ituluke mwana akufa, kapena amene anagulitsa ng'ombe yake kuti isakhudzidwe?