Chizindikiro cha Nangondo pa Dziko Lofiira

Kalekale, mwananga, kale lenileni, pa dziko lofiira lija aphunzitsi amalitcha Mazi panali thamanda. M'thamandamo munkakhala tizilombo tating'onoting'ono, toti diso silingatione ngakhale utatong'ola bwanji.

Kamodzi mwa tizilomboti kanali Nangondo. Nangondoyo anali ndi mwana mmodzi yekha, dzina lake Ndaziona.

Tsono mvula inaleka. Chaka chinatha, osagwa. China chinatha, osagwa. Madzi anayamba kuthawira pansi kudzera m'ming'alu ya miyala.

Akuluakulu anati, "Tiwatsate madziwa. Wotsala kunja kuno afa."

Tsiku la ulendolo kunawomba kamvuluvulu. Ndaziona ankasewera m'mphepete mwa thamanda. Kamvuluvulu uja anangomunyamula, psiti! Osaonekanso.

Tizilombo tina tija tinanyamuka, Nangondo ali m'mbuyo, kucheukacheuka. Anafika pamphambano, pomwe panali ming'alu iwiri. Wina unkatsikira ku madzi. Wina unkathera m'fumbi.

Mlamu wake anati, "Mlamu, tiyeni. Mwanayo wapita."

Nangondo anati, "Nanga akabwera, adzadziwa bwanji njira?"

"Inu, mufera fumbi?"

"Tsogolani. Ndiike kaye chizindikiro."

Ukudziwa kwathu kuno, otsogola amathyola masamba n'kutseka njira yolakwika kuti wam'mbuyo asasochere. Koma kumeneko kunalibe tsamba ndi limodzi lomwe. Nangondo anangolemba mzere pamchenga, naukhalira pambali.

Anakhala yekha. Yekhayekha.

Inabwera Mphepo, n'kufufuta mzere uja. Analembanso. Inafufutanso.

Nangondo anati, "Achimwene, mundisiyireko kamzere kokhaka."

Mphepo inati, "Pepani, mayi. Manja angawa sadziwa kusiya kanthu pamalo pake."

Linabwera Dzuwa. Kumeneko kulibe mtambo wolitchinga, ndiye limalasa ngati mivi. Nangondo analavula timafuta ta m'thupi mwake kuti mzere uoneke. Dzuwa linatiwotcha n'kutisulutsa.

Anati, "Bambo, mundichitireko chisoni."

Dzuwa linati, "Mayi, ine chilichonse chimene ndachiona chimapsa. Bisalani ndisakuoneni."

Chinabwera Chisanu, chong'amba ndi miyala yomwe.

Nangondo anayamba kufota. Ankaimba ndi mawu otsika:

Ndaziona, njira n'kuno,
Ndaziona, madzi ali pansi.

Panalibe wovomera nyimboyo.

Pafupi naye panali kamwala kosaoneka bwino. Kanangopendekeka pang'ono kuti mthunzi wake umufike. Zazing'ono, eti? Komatu Nangondo anapuma tsiku limenelo.

Kenaka pansi panamveka mawu. Linali Dongo, lomwe aliyense ankaliponda osalipatsa moni.

Linati, "Mayi, ndakumvani masiku onsewa. Ine ndilibe mphamvu. Koma chogona pa ine sindichiiwala."

Nangondo anati, "Ndilibe cholembera china."

Dongo linati, "Muli nalo thupi."

Nangondo anadzutsa mutu. Anayang'ana mng'alu wa ku madzi. Mphamvu zoti atsike anali nazobe, zochepa, koma zinalipo. Akanatsika, akanawapeza anzake.

Sanatsike. Anagona pa Dongo, mutu ataulozetsa ku njira ya madzi.

Mchere, womwe unatsala thamanda litauma, unati, "Ine ndimufunditsa. Kusunga ndiye ntchito yanga." Unamukuta monga umakutira nsomba kuti isawole. Fumbi linabwera pamwamba. Dzuwa silinamuonenso. Mphepo inadutsa osamukhudza.

Nangondo anagona, osadzukanso.

Zaka zinapita. Zinapita. Zinapita, mpaka zosawerengeka.

Nanga Ndaziona? Iye uja sanafe. Tiana ta tizilombo totere tikasowa madzi timadzipinda, n'kuuma gwaa ngati njere ya bonongwe, n'kumadikira. Anagwera m'kamphako ka thanthwe, fumbi linamukwirira, nagona momwemo.

Tsiku lina thanthwelo linagumuka. Mphepo inamutola, n'kumutula pamphambano paja. Kaya inachita dala, kaya ayi, ine sindidziwa. Kachinyontho ka m'mawa kanamukhudza, nadzuka.

"Amayi! Amayi!"

Zii.

Anaona ming'alu iwiri. Wa kufumbi unali waukulu, wooneka bwino. Analunjika komweko. Ali pafupi kulowa, anamva kafungo kochokera pomwe fumbi linakokoloka. Anabwerera, nafukula pang'ono. Anapeza chidindo cha thupi pa Dongo, ndi timafuta totsalira mu Mchere.

"Awa ndi amayi anga," anatero.

Dongo linati, "Ndi iwowo. Ona kumene kwaloza mutu wawo."

"Ndikhala nawo pompano."

Dongo linati, "Iwe mwana, anagonera pano kuti nawenso ufere pano? Tsika. Ine ndiwasunga."

Ndaziona analira. Atatha kulira, anatsika, nakapeza madzi.

Nangondo sanadziwe kuti mwana wake anafika. Sanadziwe mpaka lero.

N'chifukwa chake, mwananga, anthu ophunzira akamafunafuna ngati kumaiko akutaliwo kunakhalako zamoyo, sakhulupirira za pamwamba, pomwe dzuwa linawotcha. Amakumba m'dongo ndi mumchere. Zimene adzapeze, tidzamva.

Iwe usamanyoze wosauka wopanda mawu. Amphamvu amapepesa n'kudutsa. Wokusungira chako ndi uja umamuponda tsiku ndi tsiku.

Basi, nthano yanga yagona pomwepo.