Khala Limene Linatsala M'mbiya

Zinachitika ndithu, ndipo amene akumva avomere, pakuti nkhaniyi ndi ya anthu amene analeka kuvomera.

Pamudzi wa osula zitsulo wotchedwa Chingalawe panali ana awiri amasiye, Gwireni ndi mlongo wake wamng'ono Khumbize. Anawalera ndi atsibweni awo, a Kadzamira, mmisiri wa manja abwino koma wanjala ya kutamidwa. Kutali kwambiri, kumene dzuwa limaoneka ngati njere ya mapira, kunali kadziko kozizira kamene owerenga maiko akumwamba ankakadumpha chifukwa cha kuchepa. Ankakatchula kuti Kamzime, ndipo panalibe amene anaonapo nkhope yake. A Kadzamira anafuna kuti oyamba kuiona akhale iwo.

Munthu wamnofu sakanafika kumeneko. Choncho a Kadzamira ananyengerera Gwireni mpaka analola kulowa m'ng'anjo, ndipo anatulukamo ali chombo chachitsulo, cha diso limodzi lojambula ndi khutu lalikulu ngati lichero. Anamuuza kuti m'chifuwa amuikiramo makala awiri osazima, lopitira ndi lobwerera, ndipo akadzabwerako adzamubwezera thupi lake. Lamulo linali limodzi. Kamzime ankazunguliridwa ndi Chitolatola, chilombo cha mitu isanu chimene chinkameza chilichonse chopanda mwini. Tsono m'mawa uliwonse Gwireni aziitana, ndipo kwawo azivomera kuti, "Tili tonse," kuti chilombocho chizimva kuti mwanayu ali ndi abale.

Ntchito yovomera inagwera Khumbize, poti ntchito zosatamika zonse zinkagwera iye. Zaka zisanu ndi zinayi ankakwera phiri kukaima pa chilichero chachitsulo chokola mawu akutali. Poyamba mawu ankabwera msanga, koma kenako achimwene ake akaitana m'mawa, mawuwo ankafika dzuwa lili paliwombo. Mvula igwe, malungo amugwire, Khumbize sanajombepo.

Ndiye zithunzi zinayamba kufika: mapiri a madzi oundana, chigwa choyera mbee, ndi kankhungu kokuta kadziko konse. Anthu anachokera kutali kudzaona, ndipo a Kadzamira anafufuma ngati finye. Anauza Khumbize kuti atsike azitungira alendo madzi masiku atatu, kuphiri azipita okha. Iye anakhulupirira. Nanga mwana angakayikire munthu amene ankamuzula matekenya kumapazi?

Tsiku lachinayi atakwera, anapeza chilichero chitavundikiridwa pansi. Anachidzutsa, natchera khutu mpaka dzuwa kupendeka, koma kumwamba kunali zii. Anathamangira kosulira kukafuna zida zokonzera, ndipo atavundukula mbiya ina ya pakona anaona khala losazima likunyeka lokhalokha.

"Atsibweni, khala ili ndi la yani?"

A Kadzamira sanayese n'kukana komwe. "Makala awiri akanamulemera, sakanafika. Zimene tinkafuna taziona. Usandiyang'ane choncho iwe, izi ndi zaakulu."

Khumbize anamva kuwawa kumene sanakumvepo ngakhale pamaliro a mayi ake. Amati chibale ndi fupa, sichiola, koma apa chinanunkha. A Kadzamira anawagwiritsa fuwa la moto onse awiri, mmodzi zaka zisanu ndi zinayi akuuluka, wina zaka zisanu ndi zinayi akukwera phiri.

Khumbize anapukusa mvukuto yekha, nalowa m'ng'anjo. Popeza panalibe anamuphunzitsa kusula, anatuluka ali kachombo kokhota, phiko lina lalitali, lina lalifupi. Khala la achimwene ake analisunga osalikhudza. Iye anapitira khala wamba la m'ng'anjo, ndipo ali pakati pa ulendo linayamba kuzilala.

Pamenepo anakumana ndi chombo chakalekale, chadzimbiri, chikungoyandama mumdima. Anali ndi changu, koma mwana woleredwa sadutsa wamkulu osapereka moni. Anaima, nachilonjera, nachipukuta fumbi m'maso. Chombocho chinati eni ake anachiiwala kalekale, ndipo moni umenewu unali woyamba pa zaka makumi anayi. Chinatulutsa khala lake lotsiriza n'kumupatsa, n'kumuuza kuti adzere kwa chimphona cha malamba, dziko lina lalikulu lakumwamba, chifukwa ndicho chokha chingamuponye msanga.

Chimphona sichiponya munthu asanamasule chilape. Chinamufunsa kuti ndi mlendo uti amene amayenda wopanda phazi, nafa akapanda kulandiridwa. Khumbize sanachite kuganiza. Anati ndi mawu a munthu woitana. Chimphona chinaseka, chinamuzunguza ngati mwala wa m'gulaye, n'kumutaya kumapeto a kuwala.

Anafika pa Kamzime n'kupeza Chitolatola chitagona pa chigwa choyera chija, mimba ili ndendende, mitu isanu ikuzungulirazungulira. Khumbize anachiuza kuti chibweze achimwene ake amene chinaba.

"Ine sindiba, ndimatola," unatero mutu waukulu. "Masiku atatu anaitana mwana uja, ine ndili tcheru. Palibe anamuyankha. Nanga iwe, kwanu akukuvomera ndani?"

Khumbize anadziwa kuti palibe. Chilichero chinali chokha paphiri, ndipo atsibweni anali kalikiliki kulandira moni wa alendo. Mitu isanu inayasama pamodzi. Koma itangoyasama, m'kati mwa mimba munamveka kamawu kotopa, kakuitanabe monga kankachitira m'mawa uliwonse: "Muli kumeneko?"

"Tili tonse, achimwene!"

Mawu ena anatsatira, a zombo zambirimbiri zimene eni ake anaziponya kumwamba n'kuzitaya atakhuta zithunzi. Zina zinkaitana m'zilankhulo zimene Khumbize sankazimva. Anazivomera zonse, chimodzichimodzi, osadumpha ngakhale kakang'ono. Ndipo chinthu cha mwini sichikhala m'mimba mwa Chitolatola. Chilombo chinayamba kudzipinda, kudzigudubuza, kenako chinalumphira Khumbize kuti chimeze iye yekha wopanda mwiniyo. Iye anafuula kufunsa ngati alipo womuvomera, ndipo m'mimba monse munayankha kamodzi kuti, "Tili tonse." Mimba inaphulika, mitu inathothoka, ndipo inauma n'kusanduka miyala isanu yozungulira Kamzime.

Gwireni anatuluka atazizira, khala lake litatsala phulusa. Khumbize anamuikira lobwerera m'chifuwa. Iye analiyang'ana nthawi yaitali, nafunsa kumene linali. Mlongo wake anamuuza kuti linali m'mbiya, pakona. Anafunsanso kumene mlongo wakeyo anali masiku atatu aja, ndipo Khumbize anayankha misozi ili chuchuchu kuti ankatungira madzi alendo a atsibweni. Gwireni anamangirira kachombo kokhota kumbuyo kwake, ndipo khala limodzi linawakoka onse awiri mpaka kwawo.

Ku Chingalawe nthungululu zinamveka mpaka kuseri kwa phiri. Osula ena anawalowetsa m'ng'anjo, natuluka ali anthu. Azimayi a m'mudzi anayala zitenje pansi kuti Khumbize apondepo, omwewo amene dzana sankamudziwa ndi dzina lomwe, ndipo akuluakulu atamva za khala la m'mbiya anagamula kuti ng'anjo ndi chilichero zikhale zake.

Masana a phwandolo a Kadzamira anaima pabwalo, zithunzi za Kamzime zili m'manja, kuti asimbe mmene anatumira adzukulu awo awiri kukagonjetsa chilombo. Manyazi ena anthu amabadwa opanda. Anakonza kukhosi, nayamba monga nthano zonse ziyambira.

"Padangotero."

Bwalo linali zii. Anabwereza mokweza, koma panalibe anatsegula pakamwa, ndipo nthano yosavomeredwa siyenda. Kachitatu ananena motsitsa, maso ali pa Khumbize, mwana amene anamulera, amene zaka zisanu ndi zinayi sanajombepo kuvomera. Khumbize ankawakondabe, ndipo n'chimene chinkamupweteka. Misozi inatsika mpaka pachibwano, koma milomo yake sinasunthe.

Mawu aja anazungulira bwalo, anasowa wowalandira, ndipo anafera pomwepo.