Makapisozi a Kudenga

Panali munthu wina wokonza njinga, dzina lake Chikadza, wosakhazikika ngati wakhalira linthumbu. Tiyi ankamwa chiimire. Pemphero la chakudya ankalidula pakati, "Ameni" n'kumveka ali kale mkati motafuna.

Chaka china anadwala kamwazi. Kuchipatala anamupatsa makapisozi, namuuza kuti amalize onse. Iye anangomwako pang'ono, m'mimba n'kuti zii. Otsalawo anawasomeka kudenga.

"Matenda amenewa ndawadziwa," ankatero pamsika. "Ngamantha! Kungowaonetsa kapisozi, liwiro, mpaka nsapato kuzisiya."

Mvula itayamba, mwana wake wamkazi, Mwatitha, anadwala matenda omwewo. Amake anatenga nsalu kuti amubereke.

"Mukuti mupite kuti, Nachisale? Mukaume pamzere tsiku lonse? Chipatala chili kudengaku!"

Chikadza anasolola makapisozi aja n'kumumwetsa mwanayo.

Komatu tizilombo, abale anga, tili ngati anthu: mfunda umodzi, chibadwa chosiyana. Tija tinagwira Chikadza tinali tochokera kubanja lofooka. Mankhwala atangolowa, "Mayo ine, tapsa!" basi kwatha. Koma tinagwira Mwatithati tinabadwa kwa makolo a nkhongo gwa, kupirira tinatengera kumtundu. Titamva kuwawa tinangodzikulunga n'kumanong'onezana, "Achimwene, gonani phee, zidutsa izi." Makapisozi atatha tinadzuka, kudziwongola, kuyasamula, n'kuyamba kuberekana ngati kuli mpikisano.

Mwana anafooka, maso n'kulowa mkati. Chikadza analowa m'nyumba, natuluka, nalowanso. Anapapasa kudenga, napeza udzu wokhawokha. Pamenepo analanda nsalu ija, namubereka yekha mwanayo, n'kupalasa njinga ya eniake, yopanda mabuleki, mpaka kuchipatala.

"Dzina la matenda ndi lomwe lija, bambo," anatero adokotala, "koma tizilombo take si tomwe tija. Mukanangochedwa pang'ono, bwenzi tikukamba zina."

Mwatitha anamuika diripi. Chikadza, amene chibadwire anali asanatenthetsepo mpando, anakhala pabenchi kuwerenga ndi maso madontho a m'botolo mpaka mwanayo anatsegula pakamwa n'kupempha madzi.

Inu mukusekanu, kudenga kwanu mwasomekako chiyani? Mdani wa lero akabwera ndi dzina la mdani wa chaka chatha, musamuyese yemwe uja. Mankhwala akupatsani, malizani. Mwana akadwala, akamuone odziwa, nsalu isanafike polandidwa ndi abambo ake.