Mzere wa pa Nsanja ya Lufeyo

Panali munthu wina, dzina lake Lufeyo, amene ankasamalira nsanja ya mafoni kuseri kwa phiri. Nsanjayo inali ndi kanjira kamodzi kopapatiza ka mumlengalenga. Mawu a anthu oimba foni, zithunzi ndi makanema, zonse zinkadzera momwemo.

Lufeyo ankadana ndi kukondera. Choncho anatchera makina ake monga amachitira kuchigayo: wofika poyamba ndiye agaye poyamba. Mawu akapeza kanema pamzere, ankaima kumbuyo kwake. Ndipo mtima wake unali m'malo, poti sanapondereze aliyense.

Loweruka lina masana, mlongo wake anachira pachipatala chaching'ono cha m'deralo. Lufeyo anali pakhonde, kudikira kuti amve kulira kwa khanda. Sikunamveke. Chimene anamva pazenera ndi mawu a namwino, mayi Nasibeko, akuimbira dokotala wa kuboma.

"Adokotala, mwana sakupuma bwino! Mwati nditani? Bwerezaninso, mukudukaduka!"

Tsiku lomwelo kutchalitchi kunali ukwati, ndipo aliyense ankatumiza makanema kwa abale akutali. Lufeyo anazindikira. Mawu a dokotala sanatayike. Anali pamzere umene iye mwini anakonza, kumbuyo kwa makanema a anthu ovina. Ankafika ndithu, koma mochedwa ndi moduka, osathandizanso kanthu.

Anatulutsa kompyuta m'chikwama, nalowa m'makina a nsanja. Anafafaniza lamulo limene ankalinyadira, nalemba lina: mawu azidutsa kaye, zithunzi ndi makanema zizidikira, zizilowa m'mipata imene olankhula akupuma.

"Eya, tsopano ndikukumvani," anatero mayi Nasibeko. "Ndimuweramutse mutu pang'ono? Chabwino."

Mayi Nasibeko anachita zimene dokotala anawauza. Kenako khanda linalira.

Madzulo ake Lufeyo anakumana ndi mlamu wake wina akuchokera kuukwati kuja.

"Alamu, netiweki yanu lero imayenda ngati ngolo ya abulu! Kanema wa mkwatibwi mpaka ndinatopa naye."

"Koma wafika?"

"Wafika."

"Wathunthu?"

"Wathunthu, ndi nthungululu zomwe."

Lufeyo anangogwedeza mutu. Lamulo lakale sanalibwezeretsenso.

Amene anatiuza fanizoli ndi mkulu wa mpingo wathu, ndipo anamaliza motere: "Abale anga, pakhomo pa mtima wanu pamafika zambiri, ndipo khomolo ndi lopapatiza. Zina zikhoza kudikira mpaka mawa, zidzafikabe zathunthu. Koma munthu amene akukuitanani ali m'masautso, mukamuimika pamzere, mawu ake adzafika nthawi itatha. Musati mwachita chilungamo chifukwa onse mwawadikiritsa mofanana. Pemphani Ambuye akupatseni khutu lodziwa amene sangathe kudikira, ndipo ameneyo mumutsegulire njira."